Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Mawu kwa Atsogoleri a Achinyamata mu Mpingo

 

Ondiitana adandipempha kuti ndilankhule za kukhulupirika kwa mtsogoleri wa achinyamata, ndipo ndiyesa ambiri mukuyembekeza kuti ndikuwerengerani machimo oyenera kuwathawa, monga kuledzera, dama ndi kuba. Koma zimenezo mwakhala mukuzimva kuyambira ku Sande sukulu kufikira ku kalasi, ndipo palibe pano amene angati sadauzidwe. Ine ndafuna kulankhula za tsiku lotsatira, tsiku limene mtsogoleri adzuka m'mamawa nadziwa mumtima mwake kuti dzulo adalakwa, anzake asanamve kanthu, pamene Lamulungu likudzalo ayenera kuimanso kutsogolo kwawo ndi Buku m'manja. Chimene munthu achita tsiku limenelo ndicho muyeso wa kukhulupirika kwake. Mfundo zanga ndi zinayi: yoyamba, kuti kubisa kuononga koposa kulakwa, yachiwiri, maonekedwe a kuvomera koona, yachitatu, milandu imene siitha ndi pepani, yachinayi, imene ndasungira ife akuluakulu, kalandiridwe ka munthu wovomera.

Mfundo yoyamba: kubisa kuononga koposa kulakwa.

Mukawerenga Malembo ndi maso otseguka mudzaona kuti Mulungu sadatibisire zolakwa za atumiki ake, ndipo pamodzi ndi zolakwazo adatilembera mayankho amene iwo adapereka atafunsidwa. Tayang'anani Aroni pa Eksodo 32. Mose ali kuphiri, iye ndiye adasonkhetsa mphete zagolide, iye ndiye adazisungunula naumba fano la mwanawang'ombe, iye ndiye adamanga guwa. Koma mbale wake atatsika namufunsa, adayamba n'kukankhira mlandu kwa anthu, kuti Mose akuwadziwa yekha kuipa kwawo, namaliza ndi nkhani yakuti adangoponya golide pamoto ndipo mwanawang'ombe adatulukamo. Ndaona ena mukuseka, ndipo nkoyenera kuseka. Koma kodi si chilankhulo chomwecho chimene timachimva pa misonkhano yathu, pamene wina ati ndalama zidasokonekera, lisiti idasowa, uthenga sudafike, ngati kuti ndalama zili ndi miyendo?

Koma amene ndifuna kuti mumuyang'anitsitse ndi Sauli, pa 1 Samueli 15, pakuti mwa iye muli matenda enieni a ife atsogoleri. Atabwera kunkhondo ya Aamaleki, atasunga wamoyo Agagi mfumu yawo pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa zimene adalamulidwa kuti aziononge, adachingamira Samueli ndi nkhope yowala ndi mawu a dalitso, nadzichitira yekha umboni kuti wakwaniritsa zonse. Chidamuulula ndi kulira kwa nkhosa kuseri. Pamenepo adati ndi anthu adazisunga. Atapanikizidwa adati adazisungira nsembe, kuveka kusamvera chovala cha chipembedzo. Atapanikizidwanso adavomera kuti wachimwa, koma chifukwa choopa anthu. Ndipo potsiriza, atamva kuti ufumu wamuchoka, chimene adapempha n'chakuti Samueli amulemekezebe pamaso pa akulu a Israele. Mwamva kodi? Munthu wataya Mulungu, koma nkhawa yake ili pa nkhope yake pamaso pa anthu.

Tsono muikeni pambali pa Davide. Tikati tiyese zolakwa za awiriwa pa sikelo ya anthu, cha Davide chilemera kwambiri, popeza adatenga Bateseba, mkazi wa msilikali wake Uriya, naitanitsa Uriyayo kuchokera kunkhondo kuti aphimbe mimba, namuledzeretsa, ndipo zonsezo zitakanika adamupatsira m'manja mwake kalata ya imfa yake kuti akaipereke kwa Yoabu. Onani m'mene tchimo la madzulo amodzi lidaberekera bodza, bodza lidabereka chiwembu, chiwembu chidabereka mwazi. Ndipo zonse zotsatirazo adazichita pofuna kubisa choyambacho. Koma Natani atamuponyera fanizo la kamwana kankhosa ka munthu wosauka, namuloza chala, Davide sadatchule Bateseba, sadatchule Yoabu, sadafunse kuti nkhaniyi yatuluka ndi yani. Adavomera ndi mawu ochepa kuti wachimwira Mulungu, nalandira chilango chimene chidatsata nyumba yake masiku onse. Sauli adalakwa nateteza mpando, ndipo mpando udamuchoka. Davide adalakwa koposa nadzigwetsa pansi, ndipo kufikira lero timawerenga Salmo 51 pamene tasowa mawu athu a kulapa.

Chifukwa chake ndinena, ndipo ndidzabwereza, kuti kubisa kuononga koposa kulakwa. Mayi akapeza anankafumbwe m'thumba la chimanga, sathandizika pomanga thumbalo kolimba ndi kulikankhira kuseri kwa chitseko kuti alendo asaone; adziwa kuti ayenera kukhuthula chimangacho pamkeka, dzuwa lichiombe, achipete, athire mankhwala, ngakhale odutsa m'njira aone kuti m'nyumba muno mudalowa chirombo; pakuti akachita manyazi lero, pofika Januwale adzamasula thumba napeza fumbi. Ndipo kwa inu otsogolera achinyamata choopsa n'chakuti ana amene mukuwatsogolera si akhungu. Adziwa zambiri koposa m'mene muyesera, angokhala chete chifukwa cha ulemu. Ndipo akakuonani mwalakwa Lachisanu, Lamulungu n'kuima kutsogolo ndi mawu amoto ngati palibe chachitika, phunziro limene apita nalo kwawo si la ndime imene mwawerenga, koma lakuti Chikhristu ndi luso la kusagwidwa. Ambiri amene adaleka kupemphera ali ndi zaka 17 kapena 18 sadathawe Yesu ayi. Adathawa chinyengo cha amene amawaphunzitsa za Yesu.

Mfundo yachiwiri: maonekedwe a kuvomera koona.

Pano ndikhalitsa pang'ono, chifukwa pali kupepesa kwina kumene kuli kubisa kovala jekete. Tiyerekeze kuti kwaya yanu yasonkha K300,000 ya yunifolomu, ndipo popeza msungichuma akhala kutali, ndalamazo zili m'foni ya wapampando. Mayi ake adwala usiku. Iye atapako K40,000 ya galimoto ndi mankhwala, nadziuza kuti adzabweza akagulitsa soya. Ndani mwa ife angamuponye mwala pamenepo? Akadabwera Loweruka lomwelo nauza komiti, ambiri akadati wachita bwino, ndipo ena akadasonkhanso za odwala. Koma achita manyazi, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna. Soya atsika mtengo, atapanso zina kuti achite kageni kobwezera zoyambazo, kageniko kagwa. Pa msonkhano auza anzake kuti telala wachedwetsa. Mwezi wotsatira ati nsalu ya mtundu umenewo yasowa m'sitolo. Ndipo mtsikana wina wolimba mtima akapempha kuti aone ndalama zatsala zingati, amuwerengera ndime ya ana a Israele ong'ung'udza m'chipululu, madzulo ake n'kumuchotsa pa gulu la WhatsApp. Taonani: K40,000 ija inali ngongole chabe, koma tsopano pali mabodza, pali telala wonamiziridwa, pali Mawu a Mulungu osandutsidwa chibonga, pali mwana wosalakwa wochititsidwa manyazi.

Tsiku lakuti zaululika, munthu wotere aimirira ndi nkhope yogwa nanena kuti, "Abale, tonse ndife ochimwa, ndipo ngati alipo amene ndidamulakwira andikhululukire." Ndikupemphani, musamalankhule chotero, ndipo musamalandire mawu otere ngati kulapa. Mawu akuti "ngati" aja ndi khomo lothawira. Mawu akuti "tonse" aja ndi kugawira ena katundu wako. Enanso ati Satana adawanyenga, monga adanenera Hava m'munda muja, kuiwala kuti Satana sadziwa nambala yachinsinsi ya foni yawo. Kuvomera koona kutchula chinthu ndi dzina lake: "Ndidatenga ndalama za kwaya, zokwana mwakuti, osapempha, ndidakunamizani kawiri za telala, ndipo iwe mlongo wanga, udafunsa choyenera, ine ndidakunyoza." Mawu otere ndi owawa pakamwa, ndipo munthu akawanena thukuta lituluka ngakhale mu Juni, koma ndi okhawo amene atseka nkhani.

Ndipo kuvomera kuyenda ndi kubweza. Makolo athu adadziwa bwino zimenezi asanaone Buku, pakuti pabwalo la mfumu munthu wolakwa sankachoka ndi mawu okha, ankagwira nkhuku kapena mbuzi monga mwa kukula kwa mlandu, popeza pepani sapoletsa chilonda. Chilamulo cha Mose chinena zomwezo pa Levitiko 6: wonyenga mnzake pa chosungitsa abweze chonse, aonjezepo limodzi la magawo asanu, ndipo atatero ndiye abwere ndi nsembe yake. Muone dongosolo lake: mnzako poyamba, guwa pambuyo, ndipo Ambuye adalimbitsa dongosolo lomwelo pa Mateyu 5. Zakeyu wa ku Yeriko adafika pobweza kanayi. Wapampando wathu uja, ngati alibe zonse zimene adatenga lero, alembe pamaso pa mkulu wa mpingo kuti adzabweza zingati mwezi uliwonse, ndipo ayambe ndi zimene ali nazo m'thumba tsiku lomwelo, ngakhale zikhale K2,000.

Kuti zimenezi si maloto a mlaliki, mbiri ya mpingo wa mu Africa muno ichitira umboni. M'chaka cha 1929, ku Kampala, dokotala wa mishoni ya ku Gahini m'dziko la Rwanda, dzina lake Joe Church, adakumana ndi Mganda wina, Simeon Nsibambi, nakhala pamodzi pa Malembo. Ndipo m'zaka zotsatira kudabuka ku Gahini chitsitsimutso chimene chidafalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika. Chizindikiro chake chachikulu chinali anthu oulula zolakwa zawo poyera, obweza zimene adaba ndi kulipira ngongole zakale, ndipo pakati pawo panali aphunzitsi, alaliki ndi ogwira ntchito m'chipatala, anthu amene onse ankawayesa oyera kale. Komabe chitsitsimutso chomwecho chitiphunzitsanso kusamala, pakuti m'malo ena kuulula kudapyola malire, anthu natchula pagulu maina a amene adachimwa nawo ndi zinthu zosayenera makutu a ana, ndipo mabanja ena adavulala. Ine muyeso wanga ndi uwu: kuvomera kufike pamene kulakwa kudafika. Cha mumtima, uza Mulungu, ndi mlangizi mmodzi wokhwima ngati chikukulemera. Cholakwira munthu mmodzi, pita kwa iyeyo. Cholakwira gulu, imirira pagulu. Ndipo ulule tchimo lako, la mnzako umusiyire mwini.

Pali chinanso chaching'ono chimene ndingodutsapo. Nthawi zina wolakwa si inu, ndi mwana wa m'gulu lanu, kapena komiti imene mudaituma. Pamenepo musathamangire kunena kuti ine kunalibe. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Amene adalandira ulemu wa kutsogolera alandirenso mafunso a abusa ndi a makolo, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mfundo yachitatu: milandu imene siitha ndi pepani.

Pano ndilankhula mosazungulira, ndipo amayi alangizi andikhululukire. Mtsogoleri akagwiritsa ntchito udindo wake kunyengerera mtsikana kapena mnyamata wa m'gulu lake, amene makolo adamupereka m'manja mwake pomukhulupirira, umenewo si mlandu wokambirana anthu atatu kuvesitile n'kutha ndi pemphero. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndipo mwana akachitidwa zotere nkhani ipite kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, mwanayo apite kuchipatala, wolakwayo atule pansi udindo tsiku lomwelo. Ndidziwa chimene chimatigwira manja. Timati mnyamatayu ndiye mwini kiyibodi, ndiye amadzaza tchalitchi, bambo ake ndiwo adapereka malata. Khoswe wakhala pamkhate, tikamuponya mwala tiswa mkhate. Timatinso tikuteteza dzina la mpingo. Koma kawirikawiri mapeto ake ndi akuti mtsikana ndiye aimitsidwa kudya mgonero nasiya sukulu, mnyamata n'kusamukira ku mpingo wina kukayambiranso. Ndipo mlandu suola, udzatuluka patapita zaka, utanyamula ndi maina a onse amene adauphimba. Eli wansembe adamva zimene ana ake ankachita ndi akazi otumikira pakhomo la chihema, nawadzudzula ndi pakamwa pokha osawachotsa, ndipo chiweruzo chidagwera nyumba yake yonse.

Tsono popeza tidziwa kuti ndife dothi, nzeru ndi kumanga mpanda fisi asanabwere, ndipo mpandawo suli chipongwe kwa munthu wokhulupirika. M'masiku a mfumu Yoasi, pa 2 Mafumu 12, ndalama zokonzera Kachisi zinkalowa m'manja mwa ansembe, koma kufikira chaka cha 23 cha ufumu wake ming'alu inali chikhalire, pamenepo Yehoyada adatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pambali pa guwa, ndipo likadzaza ankabwera awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kuwerenga pamodzi, ntchito idayenda. Ezara adayesa siliva ndi golide pa sikelo asananyamuke ku mtsinje wa Ahava, ndipo zidayesedwanso atafika ku Yerusalemu. Paulo mwini, mtumwi wa Ambuye, pa 2 Akorinto 8, sadafune kuyendetsa yekha chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, koma adalola kuti mipingo isankhe munthu woyenda nacho pamodzi, kuti pasapezeke pomunenera. Ngati Paulo adafuna mboni, iwe ndiwe yani kuti ukwiye anzako akapempha lisiti? Ndalama za gulu aziwerenga awiri, zilembedwe m'buku tsiku lomwelo, zisagone m'foni ya munthu mmodzi, ndipo lipoti liwerengedwe pagulu mwezi ndi mwezi, wina asanafunse. Momwemonso mnyamata asalangize mtsikana awiriwiri m'chipinda kapena pa foni pakati pa usiku. Amayi alangizi alipo, adaikidwira ntchito yomweyo.

Mfundo yachinayi ndi yathu, abusa ndi akulu anzanga: kalandiridwe ka munthu wovomera.

Tisadabwe kuti ana athu amabisa, ngati aona kuti wobwera yekha kudzaulula alandira chilango chofanana ndi wogwidwa, kapena choposa, dzina lake n'kukhala ndiwo za m'mudzi wonse lisanalowe dzuwa, pamene wochenjera wodziwa kukana akhalabe pampando wake. Tikatero ndife amene tikuphunzitsa bodza. Bwalo la mpingo lisiyanitse pakati pa Sauli ndi Davide. Lisunge chinsinsi cha zimene siziyenera kutuluka. Ndipo poika munthu pa chilango limuuze nthawi yake, limupatse mkulu womuyendera, kuti adziwe kuti pali njira yobwerera.

Mu Novembala 1990, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg m'dziko la South Africa, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku Stellenbosch, Willie Jonker, adaimirira navomera tchimo la tsankho la apartheid, m'dzina lake ndi m'dzina la mpingo wa Dutch Reformed, mpingo womwewo umene amishoni ake adafika ku Mvera m'chaka cha 1889. Ndipo Akibishopu Desmond Tutu adaimirira nalandira kuvomerako ndi chikhululukiro. Alipo amene adadandaula kuti wafulumira, popeza mabala anali akadali aawisi ndipo kubweza kunali kusanachitike. Ndipo dandaulo lawo silinali lopanda pake. Ine ndiyesa mbali zonse ziwiri zidagwira choonadi: chikhululukiro chiperekedwe msanga, pakuti ifenso tidachilandira tisanabweze kanthu, koma chikhulupiriro chimangidwa pang'onopang'ono, ndi ntchito zooneka. Wapampando wathu wa kwaya uja timukhululukire lero, aimbe nafe lero, koma thumba la ndalama lidikire.

Lidikire, koma lisadikire mpaka imfa. Yohane Marko adathawa ntchito ku Pamfuliya, ndipo pa ulendo wachiwiri Paulo adamukana kolimba, kotero kuti iye ndi Barnaba adapatukana. Barnaba adatenga mnyamatayo napita naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende adalembera Timoteo kuti abwere ndi Marko, chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Pakati pa kukanidwa kuja ndi kuitanidwa uku panali munthu mmodzi amene adalola kuyenda ndi wolephera, ndipo mpingo uliwonse woimiridwa pano uyenera kudziwa kuti Barnaba wake ndani. Ngati simungamutchule dzina, bwalo lanu likakhala mwezi uno musankheni.

Kwa inu achinyamata, tikatha kudya tigawana m'magulu monga mwa mipingo yathu. Alembi ndi asungichuma abwere ndi mabuku awo, ndipo amene adza opanda buku asachite mantha, anene chomwecho, tiyambira pamenepo. Abusa ndi amayi alangizi avomera kukhala m'chipinda cha kumbuyoku kufikira madzulo, kuti amene ali ndi nkhani yosayenera gulu akawapeze payekha.